Kodi pa nsanja ya pagoda pali chiyani choti munthu akaone?

FUNSO: Akonzi, mwezi wamawa ndikupita ku Osaka m'dziko la Japan kukachita maphunziro a milungu iwiri, ndipo ndidzakhala ndi tsiku limodzi lopuma. Ndakhala ndikuona pa zithunzi nsanja zamatabwa za madenga osanjikizana zija amazitcha pagoda. Kodi ndikaone iti, ndipo amalola kukwera mpaka pamwamba? Mnzanga wina akuti ndikangotaya nthawi, popeza mkati mwake mulibe kanthu.

YANKHO: Pa nkhani yokwera mpaka pamwamba, yankho ndi lakuti simukakwera. Pagoda sanaimange kuti anthu azikhalamo kapena kuonerapo malo. Mwambo wake unachokera ku India, kumene ankaunjika chulu chosungiramo zotsala za thupi la Buddha, ndipo unafika ku Japan kudzera ku China ndi ku Korea. Choncho ndi malo opatulika a Chibuda, omwe munthu amawaona ali panja, akuzungulira pang'onopang'ono.

Popeza muli ndi tsiku limodzi, pitani ku kachisi wa Horyu-ji ku Ikaruga, m'chigawo cha Nara. Kuchokera ku Osaka mumakwera sitima ya JR mpaka pasiteshoni ya Horyuji, kenako mumayenda pansi mphindi pafupifupi 20. Kachisiyu anamukhazikitsa Prince Shotoku m'chaka cha 607, anapsa mu 670, ndipo pofika cha mu 711 anali atamangidwanso. Nsanja yake ya madenga asanu, yotalika pafupifupi mamita 32, ili m'gulu la nyumba zamatabwa zakale kwambiri pa dziko lonse, ndipo mu 1993 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lapansi. Yaitali kuposa pagoda zonse zamatabwa ku Japan ndi ya kachisi wa Toji ku Kyoto, ya mamita pafupifupi 55, yomwe inamangidwanso mu 1644, koma ine ndingasankhebe ya Horyu-ji chifukwa cha ukalamba wake.

Mukafika, yambani mwaima patali. Mudzaona kuti denga lililonse ndi laling'ono kuposa lam'munsi mwake, moti lapamwamba lili ngati theka la lapansi, n'chifukwa chake nsanjayi imaoneka yokhazikika koma yopepuka. Kenako yandikirani, muyang'ane kunsi kwa madengawo, kumene matabwa analowetsana ena pa ena kuti anyamule matailosi olemera otulukira kutali ndi khoma, n'kumateteza matabwa ku mvula.

Chinthu chachikulu, chimene mnzanu sanachidziwe, n'chobisika. Pakati pa nsanjayi pali mzati umodzi wotchedwa shinbashira, womwe waima pa mwala wa maziko, pamene pansi pake anasungapo zopatulika, n'kutulukira pamwamba pa denga lomaliza. Akatswiri atawerenga mizere ya mtengowo anapeza kuti unadulidwa cha mu 594. Chodabwitsa n'chakuti mzatiwu sunyamula madenga. Nsanjika iliyonse inangokhazikidwa pa inzake, ndipo chivomezi chikabwera zimagwedezeka iliyonse payokha, ina kumanja ina kumanzere, m'malo mothyoka. Akatswiri amasiyanabe maganizo pa kukula kwa ntchito imene mzatiwu umagwira, komabe omanga nsanja ya Tokyo Skytree, ya mamita 634, yomwe inatsegulidwa mu 2012, anatengerapo nzeru n'kuika mzati wa konkire pakati pake.

Mdani weniweni wa nsanja zimenezi wakhala moto wa mphezi. Ngati maso anu ali akuthwa, yang'anani pa chitsulo cha mphete 9 chili pansongacho: m'munsi mwake muli zikwakwa zinayi, zomwe anthu amati anaziika kuti zithamangitse mphezi.

Ndipo si zoona kuti mkati mulibe kanthu. Suzumirani pa makomo anayi a chipinda chapansi, mudzaona ziboliboli zadongo za m'chaka cha 711. Ku khomo lakumpoto kuli ophunzira a Buddha akulira mbuye wawo atagona pa imfa, pakamwa pali yasa, ndipo ndikukupemphani kuti pamenepo musafulumire kuchokapo.