Kudandaula za pulani ya NDIS ndi kusintha wolumikiza chithandizo

Mayi, mwalemba kuti mwana wanu wazaka 12 ali ndi ulumali ndipo amathandizidwa ndi NDIS, ndondomeko ya boma la Australia yolipirira chithandizo cha anthu aulumali. Wolumikiza chithandizo chake, support coordinator uja, amangokulozerani ku kampani yomwe iyeyo amagwirako ntchito, ndipo pulani yatsopano, chikalata chofotokoza chithandizo ndi ndalama zomwe mwanayo wapatsidwa, yachepetsa ndalama za ntchito yolumikizayi. Mukufunsa kokadandaula.

Nkhani zanuzi ndi ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi ofesi yake. Yofulumira ndi ya ndalama, chifukwa ili ndi tsiku lotsekera.

Amene anachepetsa ndalamazo ndi bungwe la NDIA, lomwe limayendetsa ndondomekoyi motsatira lamulo la mu 2013. Gawo 100 la lamuloli limapereka miyezi itatu, kuwerengera tsiku lomwe munalandira chigamulo, kuti mupemphe bungweli liunikenso. Wounikayo amakhala wina, osati amene anagamula poyamba. Poti mwanayo sanakwane zaka 18, inu monga kholo lomuyimira ndinu wopempha. Pafoni amalola, koma ine ndikuti lembani kalata, musunge kope lake. Pulani yomwe ilipoyo pitirizani kuigwiritsa ntchito podikira yankho.

Pokonza pempholo musathamange. Kungonena kuti ndalama zachepa sikukwanira, chifukwa gawo 34 limafuna umboni woti chithandizocho n'choyenera komanso chofunikiradi. Tchulani onse amene amasamalira mwanayo: sukulu, wa mafizo, wophunzitsa kulankhula, okonza njinga yake ya olumala. Kenako fotokozani zomwe zimachitika pakasowa wowalumikiza. Ngati njinga inakhala miyezi iwiri osakonzedwa chifukwa palibe amene anatumiza lipoti, lembani zimenezo ndi madeti ake. Makalata a madokotala aziloza zomwe mwanayo amalephera kuchita tsiku ndi tsiku, asamangotchula dzina la vuto lake. Zimandiwawa kuona makolo ali ndi mfundo zomveka akukanidwa chifukwa cha kalata ya dokotala ya mizere itatu.

Yankho la NDIA likapanda kukukhutiritsani, muli ndi masiku 28 okachita apilo ku Administrative Review Tribunal, bwalo lounikanso zigamulo za boma, lomwe linalowa m'malo mwa bwalo lakale la AAT pa 14 October 2024. Pa nkhani za NDIS simulipira kanthu polembetsa, ndipo pali anthu okuthandizani kwaulere omwe amalipidwa ndi boma.

Tsopano za wolumikizayo. Ntchito yake ndi kukuthandizani kumvetsa pulani, kukupezerani othandiza osiyanasiyana ndi kuonetsetsa kuti akugwira ntchito mogwirizana. Kusankha ndi kwanu. Malamulo a khalidwe a NDIS amafuna kuti akhale woona mtima ndipo aulule ngati iye kapena kampani yake ikupindula ndi zomwe akukulangizani. Mufunseni molemba kuti akupatseni mayina a makampani ena, komanso tsatanetsatane wa maola omwe wakhala akutchaja. Dziwani kuti mafoni ndi maimelo nawonso amatchajidwa.

Kumusintha sikufuna kuti mupereke chifukwa. Werengani mgwirizano womwe munasainirana, muone kuti notisi ndi ya masiku angati, muipereke molemba, ndipo mumupemphe kuti apereke mafayilo kwa watsopanoyo. Dziwitsaninso NDIA dzina la amene mwasankha. Ngati ndalama za pulani zimayendetsedwa ndi NDIA yomweyo, watsopanoyo ayenera kukhala wolembetsedwa. Ngati mumayendetsa nokha kapena kudzera mwa plan manager, yemwe amakulipirirani ma invoice kuchokera ku ndalama za pulani, mwayi wosankha ndi waukulupo.

Wolumikiza wanuyo akabisa ma invoice kapena akakuumirizani kukhala ku kampani yake, dandaulo lipite ku NDIS Quality and Safeguards Commission. Iwowa sawonjezera ndalama za pulani, koma amafufuza khalidwe la opereka chithandizo ndipo ali ndi mphamvu zoletsa munthu kugwira ntchitoyi. Ngati mukuopa kuti mwana wanu angavutikirepo, amalola kudandaula osatchula dzina.