Kutalika kwa phiri sikokwanira pomanga telesikopu

Wowerenga wina wandilembera pa imelo kufunsa kuti, phiri likakhala lalitali kwambiri, kodi si ndiye malo abwino omangapo telesikopu yaikulu? Funsoli landigwira mtima, chifukwa ndi mkangano womwe sutha pakati pa ine ndi anzanga okonda nyenyezi.

Tsiku lina tinakwera phiri nditasenza katelesikopu kanga, thukuta lili kamukamu, mapewa akuwawa. Pamwamba mdima unali bii, nyenyezi zikuthwanima mochititsa kaso, anzanga akufuula ndi chimwemwe. Koma nditaloza pulaneti la Jupiter, chithunzi chake chinkangogwedera ngati mwala wa pansi pa madzi othamanga. Mphepo ikagunda phiri imazungulirazungulira, mpweya wofunda ndi wozizira n'kusakanikirana, ndipo kuwala kodutsamo kumakhotakhota. Anzangawo mpaka lero amati usiku uja unali wabwino. Ine ndimakanitsitsa. Kuthwanima kumene anthu amakuyamikirako ndiye mdani wamkulu wa telesikopu.

Taonani kumene zikuluzikulu zili. Cerro Paranal ku Chile ndi lalitali mamita 2,635 okha, koma pali matelesikopu anayi a magalasi a mamita 8.2. Chinakopa akatswiri ndi chipululu cha Atacama: mvula sigwa kawirikawiri, ndipo madzi ozizira a nyanja ya Pacific amapangitsa mitambo kutsalira m'munsi. Kuuma kumeneku n'kofunika, chifukwa chinyezi chimameza kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso koma kofunika kwa akatswiri a nyenyezi. Chapafupi pomwepo, pa Cerro Armazones lomwe linasankhidwa mu 2010, akumanga ina ya galasi la mamita 39.

Pali china chimene chimandikwiyitsa. Ofuna kumanga telesikopu ya galasi la mamita 30 yotchedwa Thirty Meter Telescope anayeza mapiri asanu kwa zaka zingapo, mu 2009 n'kusankha Mauna Kea ku Hawaii, lopitirira mamita 4,200. Mpweya wake ulibe chonena. Koma kwa eni nthaka phirilo ndi lopatulika, ndipo mu 2019 anatseka msewu wopita pamwamba. Woyeza mpweya n'kuiwala anthu, kwa ine, ntchito sanaimalize. Nanga phiri la Mount Wilson, pafupi ndi mzinda wa Los Angeles ku America? Mpweya wake ndi wodekha ndithu, koma magetsi a Los Angeles anauwononga mdima wake.

Nanga muyeze chiyani?

Pamwamba pa phiri amaikapo katelesikopu kotchedwa DIMM, kamene kamayang'ana nyenyezi imodzi kudzera m'mabowo awiri n'kumayeza kugwedera kwake usiku uliwonse, kwa zaka, osati sabata imodzi. Malo abwino amapereka kugwedera kosafika pa arcsecond imodzi, kamuyezo kakang'ono kwambiri ka ngodya. Werenganinso mausiku opanda mitambo, chinyezi, liwiro la mphepo, fumbi, zivomezi ndi kuyandikira kwa mizinda. Musaiwale msewu woti galasi lolemera lidutsemo, komanso antchito, poti kumtunda kwambiri mpweya wopuma umachepa ndipo mutu sugwira bwino.