Kuchoka Kouma Kupita Kunyanja Yamchere

Funso: Mwana wanga amagwira ntchito ku Upington, m'dziko la South Africa, koma abwana ake akumusamutsira ku Durban. Ndimulangize zotani? Ndine mayi wa ku Kasungu.

Yankho: Mayi, ku Upington mvula imagwa yochepa kwambiri, pamene ku Durban imafika mamilimita pafupifupi 1,000 pachaka, ndipo chinyezi chimakula kuyambira Disembala mpaka Malichi. Chovuta chachikulu kumeneko ndi nkhungu. Nsapato zachikopa zikakhalitsa mu sutikesi zimachita nkhungu yobiriwira. Kabati ndi bedi azitalikitse ndi khoma masentimita 10 kuti mphepo izidutsa, ndipo zovala asamazipinde zisanaumiretu, zimanunkha chinyontho. Ufa umene mumamutumizira uja, azisunga m'ndowa yotsekeka bwino, apo ayi umaumbika n'kuyamba kuwawa.

Mpweya wa kunyanja uli ndi mchere, choncho tcheni cha njinga ndi maloko azithira mafuta kawirikawiri poopa dzimbiri.

Makina oziziritsa m'nyumba othira madzi aja, ngati ali nawo, asavutike n'kunyamula. Amagwira ntchito mpweya ukakhala wouma. Ku Durban amangowonjezera chinyezi. Agule fani, ndipo azivala zovala zathonje, chifukwa thukuta kumeneko limachedwa kuuma.