Kwa amene ma pin ake akukagwera m'nyanja

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti ma adiresi a makasitomala ali mu MySQL, tsamba ndi la PHP, koma mapu akuchedwa kutseguka, ma pin ena sakuoneka, ena akukagwera pakati pa nyanja.

Kuchedwako n'chifukwa choti mukupanga geocoding, kusandutsa adiresi kukhala manambala a malo ake pa mapu, nthawi iliyonse munthu akatsegula tsamba. Nyumba sisamuka usiku. Funsani kamodzi, yankholo sungani. Onjezani ma column awiri, lat ndi lng (latitude ndi longitude, manambala awiri osonyeza malo pa mapu), a DECIMAL(9,6), kenako lembani ka script ka PHP kapadera koti kazitola mizere yomwe lat yake ili NULL, kufunsa geocoder (pulogalamu yopanga geocoding ija), n'kulemba zimene yabweza. Ngati mukugwiritsa ntchito Nominatim, geocoder ya OpenStreetMap, lamulo lawo ndi pempho limodzi pa sekondi, ndipo amafuna User-Agent yonena kuti pulogalamuyo ndi yayani. Ikani sleep(1) mu loop. Mukawakhuthulira mndandanda wonse nthawi imodzi amakutsekerani, ndipo ndikukayikira kuti ma pin osowawo asowera pamenepo. Muikenso countrycodes=mw, apo ayi mukalemba Blantyre akhoza kukupatsani ya ku Scotland. Geocoder ya Google imafuna API key ndi khadi lolipirira, komanso malamulo awo salola kusunga ma coordinate mpaka kalekale, ndiye muwerenge kaye musanadzaze database.

Mbali ya browser ilibe zambiri. Fayilo imodzi ya PHP izitulutsa mizereyo ndi json_encode, JavaScript iitenge ndi fetch, Leaflet, library ya JavaScript yojambulira mapu, ijambule ndi L.marker([lat, lng]).addTo(map). Div ya mapu muipatse height mu CSS, mukapanda kutero muzingoona tsamba loyera mbee, n'kumaganiza kuti code yafa.

Za m'nyanjazo ndinaseka, chifukwa nanenso zinandigonetsa mochedwa. Lilongwe ali cha pa -13.96 ndi 33.77. Mukatembenuza manambala awiriwa, pin imakatera mu Atlantic, pakati pa Morocco ndi chilumba cha Madeira. Msampha wake ndi uwu: Leaflet imayamba ndi latitude, pomwe GeoJSON, kalembedwe kosungira malo a pa mapu mu JSON, imayamba ndi longitude. Komanso ka minus kaja kakatayika, kasitomala wa ku Kawale mukam'peza ku Sudan. Tili kumwera kwa equator, choncho latitude iliyonse ya m'Malawi muno izikhala ndi minus kutsogolo. Yang'anani mzere umodzi mu database, muona msanga chomwe chachitika.

Koma nkhani yaikulu simunaifunse. Ngakhale code itakhala yoyera bwanji, geocoder imawerenga zimene mwaipatsa. Ma adiresi athu mumawadziwa: "Area 25, mukadutsa chigayo, geti lobiriwira kumanzere." Ena amangolemba P.O. Box, yomwe ili ku positi ofesi, osati kunyumba. Geocoder ikaona zotere, nthawi zina sikana. Imangosankha pakatikati pa Area 25 n'kuunjika onse pamenepo, ndiye inu mumaona pin imodzi pomwe pansi pake pali anthu ambiri. Ine ndinatumizapo mnyamata wa njinga yamoto kutsatira pin yotereyi. Anandiimbira ataima pamsewu, katundu ali kumbuyo: "Bwana, pano palibe geti ayi, pali amayi akuotcha chimanga." Mafuta a tsiku limenelo ndinalipira ndine.

Kuyambira pamenepo geocoding ndimaitenga ngati kungoyerekeza. Malo enieni timawatenga pakhomo. Wopereka katundu akafika amadina batani pafoni, navigator.geolocation n'kutumiza malowo ku server. Zimafuna HTTPS zimenezi, pa HTTP wamba browser imakana. Kasitomala wolembetsa yekha ndimam'patsa marker ya draggable kuti aikokere padenga la nyumba yake. Ndili ndi column yachitatu yolemba komwe coordinate yachokera, ndipo zongoyerekezazo ndimazionetsa ndi mtundu wina kuti woyendetsa ayambe waimba foni asananyamuke.

Chinanso, fayilo ya JSON ija isakhale poyera. Muli mayina ndi makomo a anthu, ndipo aliyense wodziwa kudina F12 aiona pa Network. PHP iyambe yaona session isanatulutse kalikonse.

Mukatembenuza manambala aja ma pin n'kumakhalabe m'madzi, ponyani pano mizere iwiri ya JSON mutafufuta mayina, tiione limodzi.