Mbiri ya Mayi pa mwambo wa chiliza

Achemwali, mbiri ya Mayi yokawerenga pa chilizapo ikhale yaifupi, ndipo musailembe nokha. Funsani adzukulu ndi amayi anzawo a kumpingo, ngati a Chigwirizano, aliyense anene chimodzi chimene sadzaiwala. Za chaka chobadwa ndi chiwerengero cha ana dutsanipo msanga, abale amazidziwa kale. Kwathu ku Kawale tinafotokoza mmene Agogo ankadzukira m'bandakucha kukazinga mandasi kuti tipeze fizi, mpaka amalume ouma mtima aja anapukuta misozi.

Koma ngati nkhani ya nyumba ndi chuma chamasiye sinathe, musaitulutse kumanda. Kaonaneni ndi loya kapena ofesi ya Administrator General, yomwe ndi ya boma yoona za chuma chamasiye, akufotokozereni lamulo la 2011 loteteza ana ndi amasiye.