Wapeza mavoti ambiri koma waluza, zimatheka bwanji?

FUNSO: Zikomo akonzi, ife pa bawo takhala tikukangana. Mnzanga wina akuti ku America munthu atha kupeza mavoti ambiri kuposa mnzake koma osalowa ku White House, eti ndi zomwe zinamuchitikira Hillary Clinton. Ine ndikuti limenelo ndi bodza, ngati zinachitikadi ndiye kuti anamubera basi. Wolondola ndani? — Wowerenga wa ku Mchinji

YANKHO: Achimwene, pepani koma mnzanuyo sananame, mukangomugulira fanta nkhani ithe. Mu 2016 Mayi Clinton anaposa Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni dziko lonse, koma upulezidenti unapita kwa Trump ndipo palibe anaba kanthu, malamulo awo ndi otero kuchokera mu 1787.

Kumeneko saphatikiza mavoti a dziko lonse ngati momwe MEC imachitira kwathu kuno. Siteti (chigawo cha dzikolo) iliyonse ili ndi anthu ake owerengeka omwe amawatcha ma elector, amenewa ndiwo amasankha pulezidenti, onse pamodzi alipo 538 ndipo amene wafika 270 ndiye wawina. Siteti ya anthu ambiri ngati California ili nawo 54, Texas 40, pomwe Wyoming ili ndi atatu okha. Tsono nayi nkhani yake, ukawina siteti ngakhale ndi voti imodzi yokha umakokera ma elector onse a sitetiyo kwa iwe, mnzakoyo amatuluka chimanjamanja olo akhale anapeza mavoti mamiliyoni mmenemo (Maine ndi Nebraska okha ndi amene amagawa). Clinton anawunjika mavoti ochuluka zedi ku California ndi New York koma owonjezerawo sanamupindulire kanthu, pomwe Trump anangopitirira pang'ono ku Pennsylvania, Michigan ndi Wisconsin, kusiyana kwa masiteti atatuwa kuphatikiza sikunafike ndi 80,000 komwe, ma elector onse nkukhala ake. Mu 2000 zinachitikanso, Al Gore anatsogola dziko lonse koma George W. Bush anatenga Florida ndi mavoti 537 okha, nkhani mpaka inakathera ku Supreme Court.

Nchifukwa chake kampeni yawo imazungulira m'masiteti ochepa omwewo amene sadziwika kuti agwera kuti. Ine pandekha dongosolo limeneli sindilikonda, munthu wa Republican, chipani cha Trump, wokhala ku California komwe chipanicho sichimawina amadziwiratu kuti voti yake ya pulezidenti siisintha kanthu.

Koma musaganize kuti ndi America yokha ili ndi zachilendo. Ku South Africa anthu savotera pulezidenti nkomwe, amavotera chipani ndipo aphungu ndi amene amakasankha mtsogoleri mu nyumba ya malamulo. Mu 2024 ANC itatsika kufika 40 peresenti, mipando 159 mwa 400, Cyril Ramaphosa anachita kugwirizana ndi DA ndi zipani zina kuti akhalebe pampando. Ku Britain chaka chomwecho Labour inapeza mavoti osafika ndi 35 peresenti koma inatenga mipando yoposa 400 mwa 650, poti m'dera lililonse amene watsogola ndiye phungu, monga mmene timasankhira aphungu athu ife. Ku Kenya ndiye anakhwimitsa, 50+1 payokha siikwana, ufunikanso 25 peresenti m'ma county (zigawo) oposa theka mwa 47 awo kuti usangodalira anthu akwanu okha.

Ifenso tisaiwale msanga. Bingu mu 2004 ndi Peter Mutharika mu 2014 onse analowa m'boma ndi mavoti cha m'ma 36 peresenti, kutanthauza kuti anthu ambiri anavotera ena. Zinasintha pa 3 February 2020 pamene khothi linafufuta chisankho cha 2019, chija cha tipeksi, nkunena kuti wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti onse. Chisankho chachibwereza chinachitika pa 23 June chaka chomwecho nkuwina Lazarus Chakwera. Anzathu a ku Zambia anali atayamba kale 50+1 mu 2016.

Ndiye mukabwerera pa bawopo muwauze kuti Clinton sanaberedwe. Anthu ambiri ku America komweko amadandaula nazo, koma kusintha Constitution yawo kumafuna kuti masiteti 38 mwa 50 avomereze, ndipo masiteti ang'onoang'ono amene amapindula ndi dongosololi sangalole chisawawa.