Tisanakambe za jakisoni womaliza, malume anu akumwa chiyani cha ululu?

Achemwali, mwafunsa ngati boma silingachite bwino kulola euthanasia, kuti munthu amene madokotala anena kuti sachira azibayidwa jakisoni n'kupita mwamtendere, poti malume anu akuchezera kubuula ndi khansa ya kummero. Pepani kwambiri. Awa akukutchulani mfiti m'makomentimu asiyeni, sanadwazikepo.

Koma ine yankho langa ndi ayi, makamaka kuno kwathu panopa.

Mayiko olola zimenezi alipodi. Netherlands ndi Belgium anayamba mu 2002, Canada mu 2016, Spain mu 2021. Ku Netherlands wodwala amayenera kupempha yekha ali bwinobwino m'mutu, dokotala wina wachiwiri amabwera kudzamuona payekha, ndipo zikachitika pali komiti yomwe imaunika ngati zonse zinayenda mwa lamulo. Ndiye taganizani za chipatala chaching'ono cha kumudzi ku Mzimba kapena ku Chitipa, komwe munthu mmodzi yemweyo ndiye woyeza, wolemba mankhwala komanso wodzutsidwa usiku. Dokotala wachiwiriyo achokera kuti? Komanso khomoli likatseguka limanka likula. Belgium inalola ngakhale ana mu 2014, Canada nayo mu 2021 inalola anthu amene imfa yawo sinayandikire. Pafupi pompa ku South Africa, khoti lina linalola wodwala khansa wina, Robin Stransham-Ford, kuti dokotala amuthandize kufa mu 2015, koma khoti la apilo linagwetsa chigamulocho chaka chotsatira.

Chimene chimandiopsa ine si malamulo a azunguwo ayi. Ndi tanthauzo la mawu oti "ndisiyeni ndizipita" akatuluka pakamwa pa wodwala wa kuno. Iye amaona mwana wake ali gadiyani, wayala chitenje pasimenti m'mwezi wa Juni, kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa kuja. Amadziwa kuti mbuzi zagulitsidwa, fizi ya mdzukulu yathera pa thiransipoti ya ku Lilongwe, phala la m'fulasiki likubwerera osalikhudza. Akamati watopa, nthawi zambiri akutanthauza kuti wakutopetsani inuyo. Munthu wotere tinganene kuti wasankha yekha? Ndipo tisanamizane, ndife anthu omwe aja timalimbirana nyumba ya ku Chibavi maliro ali m'nyumba, dziko lomwe nkhalamba zikuphedwabe poziganizira ufiti. Agogo a mapuloti awiri, abale ena sangachedwe kuwapezera pepala loti asayine.

Pa lamulo, kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu mu Penal Code yathu. Koma munthu wamkulu kukana opaleshoni, kapena kunena kuti mankhwala a khansa andikwana, nditengereni kunyumba ndikakhale ndi ana anga, imeneyo ndi nkhani ina ndipo amaloledwa. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

Tsono za malumewo. Ululu umene mukuufotokozawo ulipo mankhwala ake. Kuli morphine wamadzi, yemwe amaperekedwa ndi a palliative care, anthu osamalira odwala matenda osachiritsika. Ntchito imeneyi siyachilendo m'Malawi muno, a Tiyanjane ku Queens ku Blantyre ndi a Ndi Moyo ku Salima akhala akuigwira kwa zaka zambiri. Mukapita ku chipatala cha Central mukafunse kuti a palliative care akupezeka pati, ndipo mukanene mosabisa kuti panado sakuphula kanthu, munthuyo sakugona.

Ena amaopa kuti morphine ndi mankhwala otsirizira munthu. Ayi, akamwedwa pa mlingo umene adokotala anena sapha. Chachikulu n'kumwetsa pa nthawi yake, kawirikawiri maola 4 alionse, osadikira kuti ayambe kaye kulira. Amadzimbiritsa, choncho mukapemphenso ofewetsa m'mimba. Ngati kumeza kwayamba kuvuta mukawauze tsiku lomwelo, njira zina zoperekera zilipo. Inunso pezani wosinthana naye usiku, musamachezere nokha masiku onse.